Massacre at Central High: Ozunzidwa Atatenga Mpando wa Ozunza

Filimu ya Massacre at Central High inatuluka ku America mu 1976, ndipo inapangidwa ndi ndalama zochepa kwambiri moti umphawi wake umaonekera poyera. Ena mwa osewera amayankhula ngati akuwerenga papepala, ndipo nyimbo yoyambira ndi yofewa mosagwirizana ndi magazi amene akubwera kutsogolo. Amene analemba ndi kutsogolera filimuyi ndi Rene Daalder wa ku Netherlands, yemwe anamwalira mu 2019. Dzina la filimuyi, lomwe limatanthauza kuphedwa kwa anthu ambiri pa Central High, limapangitsa munthu kuyembekezera chigawenga chothamangitsa ana ndi mpeni, koma mulibe zoterozo, ndipo n'chifukwa chake anthu ochepa amene anaikonda sanaitaye mpaka lero.

Nkhani imayamba pamene mnyamata wina dzina lake David, yemwe anaseweredwa ndi Derrel Maury, wasamukira pasukulu ya sekondale ya Central High. Akupeza kuti mnzake wakale, Mark, analowa m'gulu la anyamata atatu, Bruce, Craig ndi Paul, amene akulamulira sukulu yonse mwankhanza. Anyamatawa amazunza Oscar chifukwa cha kunenepa kwake, amavutitsa Arthur wogwira ntchito mulaibulale, ndiponso amaphwanya galimoto yakale ya Rodney. Mark akuchonderera David kuti angotseka maso, koma David akukana, ndipo tsiku lina atapeza atatuwo akufuna kugwirira atsikana awiri, akuwamenya yekha. Kubwezera kwawo n'koopsa: David ali pansi pa galimoto kuikonza, iwo akugwetsa jeke, galimotoyo n'kumuphwanya mwendo. Munthu amene ankakonda kuthamanga watsala wotsimphina, komabe sakuwaneneza kwa aliyense.

Kenako David akuyamba kubwezera powapha mmodzimmodzi, ndipo imfa iliyonse ikuoneka ngati ngozi. Bruce akugwera pa mawaya a magetsi chipangizo chake chouluka nacho chitawonongedwa mwadala. Craig akudumphira mumdima m'dziwe losambiramo lomwe madzi ake achotsedwa. Paul akugubuduka ndi galimoto yake kuphompho. Mafilimu ambiri obwezera amathera pamenepa, oonera n'kuwomba m'manja, koma iyi yangofika pakati.

Gawo lachiwirili ndi limene limandichititsa kuionanso. Kwa kanthawi kochepa sukulu ikupuma, ana akuchezerana momasuka ndi kuthandizana. Posakhalitsa chipwirikiti chikuyamba m'chipinda chodyera, ndipo aja ankazunzidwa akuzindikira kuti mpando uli wopanda munthu. Oscar akuyamba kukankha ana ofooka kuposa iye, Arthur akuyamba kunyoza amene akuwaona ngati mbuli, ndipo mmodzimmodzi akupita kwa David kukamunyengerera kuti agwirizane naye polamulira sukulu. Palibe amene akufunsa ngati sukuluyo ikufunikadi wolamulira. Aliyense amene anaphunzira pasukulu yogonera komweko kwathu kuno akudziwa mwana wa fomu 1 amene analira usiku wonse chifukwa cha akuluakulu, koma chaka chotsatira iye yemweyo ndiye anali patsogolo kuzunza obwera kumene. Daalder anachiona chimenechi, ndipo ambiri amaiwerenga filimu yake ngati fanizo la ndale, la anthu amene amagwetsa wolamulira wankhanza n'kuvala malaya ake omwewo.

David akukhumudwa, ndipo yankho lake ndi lomwe lija. Arthur akufa kudzera m'kachipangizo kake kothandiza kumva, Oscar akufa bomba litaphulika m'kabati yake yosungiramo mabuku, Rodney akuphulika ndi galimoto, ndipo Spoony, winanso mwa ozunzidwa aja, yemwe anaseweredwa ndi Robert Carradine, akupsinjidwa ndi chimwala ali mutenti pamodzi ndi atsikana awiri aja David anawapulumutsa. Apa woonera amene ankasangalala ndi imfa zitatu zoyamba amayamba kuchita manyazi, chifukwa mpulumutsi uja tsopano akupha aliyense wosafika pa muyezo wake. Ine ndimaona kuti filimuyi ikanakhala yamphamvu kwambiri ikanachepetsa liwiro pamenepa, popeza imfa zimabwera motsatizana mpaka zina zimaseketsa m'malo moopsa. Amene anaonera filimu ya Heathers, yomwe inatuluka patapita zaka zoposa khumi, amazindikira msanga kufanana kwa nkhani ziwirizi.

Chinthu china chimene munthu amachizindikira mochedwa n'chakuti m'filimu yonse mulibe mphunzitsi, mulibe kholo, mulibe mkulu wa sukulu. Ana akufa mmodzimmodzi, koma palibe wamkulu amene akubwera kudzafunsa, ndipo sizikuoneka kuti anawo akuyembekezera kuti wina abwera. Akuluakulu akuonekera kumapeto kokha, paphwando lovina la ophunzira akale, pamene David watchera bomba loti liphulitse sukulu yonse. Mark ndi chibwenzi chake Theresa, yemwe David amamukonda mumtima, akudziwa za bombalo koma akulowa m'holo n'kukana kutuluka. David akuthamangira bombalo ndi mwendo wake wolumala, akulitulutsa panja, ndipo likumuphulikira m'manja. Apolisi akufika, ndipo Mark ndi Theresa akugwirizana kuwauza kuti amene ankatchera mabomba anali Spoony ndi atsikana awiri aja, ndipo David wafa populumutsa anzake.