Timawindo 24 ta Disembala: mbiri ya bizinesi yathu

Ine ndi mkazi wanga tinayamba bizinesi ya makalendala a Adventi (nyengo yoyembekezera Khirisimasi) patebulo lodyerapo m'nyumba yathu ku Glasgow m'dziko la Scotland, titaona kuti anzathu a kutchalitchi amagula makalendala otere chaka ndi chaka, koma zithunzi zake zimangokhala za chipale chofewa ndi mitengo ya paini. Kalendala yake ndi katoni yokhala ndi chithunzi chachikulu pamwamba, ndipo m'chithunzimo amadulamo timawindo 24, moti mwana amatsegula kamodzi tsiku lililonse kuyambira pa 1 mpaka pa 24 Disembala n'kupeza kachithunzi kena kobisika. Mwambowu unachokera ku Germany, kumene Gerhard Lang ankasindikiza makalendala otere ku Munich kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Tinagwirizana kuti phindu lizipita ku sukulu ya mkombaphala ya kwathu ku Dedza, kuti azigulira ufa wa phala ndi shuga, ndipo zithunzi azijambula anthu a kumudzi komweko. Woyamba anali bambo wina amene kale ankalemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera. Atamva kuti ogula ndi azungu, anatitumizira pa WhatsApp chithunzi cha Father Christmas ataima pa chipale chimene iye sanachionepo chibadwire. Tinamupempha kuti ajambule Disembala amene amamudziwa, ndipo patapita milungu itatu kunabwera mudzi wonyowa ndi mvula, amayi akupalira chimanga, ana akutola ngumbi pachulu, mango ali mbwee pansi pa mtengo, ndipo khanda Yesu atagona pamphasa pafupi ndi khola la mbuzi. Chithunzi chimenecho ndicho chinatigulitsira makalendala onse a chaka choyamba.

Anthu ena amatifunsa chifukwa chimene timalipirira ojambula pamene ntchitoyi ndi yachifundo. Munthu amene watha mwezi wathunthu akujambula chithunzi chachikulu ndi tizithunzi 24, kalikonse kosaposa bokosi la machesi, nayenso ali ndi ana ofuna fizi, ndipo ife sitiona chilungamo chodyetsa ana a mudzi umodzi ndi thukuta laulere la bambo wa mudzi womwewo. N'chifukwa chake wojambula amalandira ndalama zake zonse tisanapite kosindikiza, makalendala ayende malonda kapena ayi, ndipo dzina lake timalilemba kumbuyo kwa kalendala iliyonse.

Chaka chachiwiri chinatiphunzitsa mowawa. Osindikiza anasuntha pang'ono chitsulo chodulira timawindo, moti ukatsegula unkapeza mbuzi yopanda mutu, ndipo ife tinazindikira zimenezi makatoni atafika kale kunyumba. Pofika nthawi imene anatikonzeranso, Novembala anali atapita pakati, ndipo malonda amenewa sachedwa kufa, pakuti kalendala yotsala pa 2 Disembala palibe amaifunanso ngakhale utatsitsa mtengo. Kuyambira pamenepo timayamba kukambirana ndi ojambula mu Meyi, timapempha kalendala imodzi yoyeserera mu Seputembala, ndipo mkazi wanga amatsegula yekha mawindo onse 24 ndi chikhadabo tisanavomereze kuti asindikize ena onse.

Panopa tikugwira ntchito ndi ojambula atatu, mmodzi mwa iwo ndi mtsikana amene anangomaliza Fomu 4, ndipo chithunzi cha chaka chino ndi chake: asodzi akukoka ngalawa kumtunda pamene mitambo yakuda ikubwera panyanja.