Musanalipire ulendo wokawedza mpasa ku Bua

Aliyense akandifunsa za ulendo wokawedza, amayambira pa mtengo. Ine ndimati yambani mwafunsa dzina la munthu amene adzakuperekezeni kumtsinjeko, komanso kuti kwawo n'kuti. Kampani yokonza ulendo ikhoza kukhala ndi galimoto yabwino, mahema atsopano, zithunzi zokongola pa intaneti, koma chimene mukugula kwenikweni ndi maso a munthu amene anakulira m'mbali mwa madziwo.

Ndikunena za Bua chifukwa ndi kumene mtima wanga uli. Mtsinjewu umachokera ku Mchinji, n'kudutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota usanakathire m'nyanja. Mpasa zimachoka kunyanja n'kukwera mtsinjewu kukaswana pamiyala, pamene madzi ndi oyera ndiponso othamanga. Nsomba imeneyi kulibe kwina kulikonse padziko, ndi ya nyanja yathu ndi mitsinje yake basi, ndipo ili m'gulu la nsomba zimene zili pangozi yotha. Miono yotseka mtsinje, katupe, dothi lokokoloka m'minda ya m'mbali mwa madzi, zonsezi zaivulaza kwambiri. N'chifukwa chake m'nkhalangomo ukaikola umaimasula pambedza n'kuibwezera. Ena amati kumeneko n'kutaya ndiwo. Ine zimandiwawa kumva choncho, chifukwa agogo anga ankakamba za mpasa ngati nsomba ya tsiku lililonse, pamene ana anga anayamba kuiona pachithunzi.

Woperekeza wodziwa ntchito amakuuzani zoona musanatumize khobidi. Mukamuimbira mu Januwale, mtsinje utasefukira, madzi ali matope okhaokha, amakuuzani kuti dikirani mvula ithe, mubwere kukazizira. Amene akuti "bwerani tsiku lililonse, nsomba zilipo" ameneyo akufuna chikole chanu chabe. Ndinakumanapo ndi wotere kunyanja, wolonjeza kampango nyengo ya mwera, boti lake lopanda ngakhale jekete imodzi yoyandamitsa munthu. Sitinakwere.

Mwerawo ndi nkhani yoti mugwirizane poyambirira ngati ulendo wanu ndi wa panyanja, kaya ku Chembe kaya ku Senga Bay. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mphepo imeneyi imatha kuwomba masiku angapo osaleka. Ikadzuka, ndalama ibwezedwa kapena tsiku lisinthidwa? Mafuta a injini ali m'kati mwa mtengo? Nanga nyambo, ndodo, chingwe? Zimenezi zilembedwe pa WhatsApp musanatumize pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo musalipire zonse kamodzi. Ku Chembe funsaninso kuti mukawedzera pati, chifukwa madzi oyandikana ndi gombe ndi zilumba za Lake Malawi National Park ndi oletsedwa, paja pakiyo inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza mbuna, tinsomba tokongola tokhala m'miyala.

Ku Bua nkhawa ndi ina. Chiyambire 2015 nkhalango ya Nkhotakota ikuyendetsedwa ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Ndiye kumtsinje sumangotsetsereka wekha ngati ukupita kudimba. Pamafunika chilolezo, pamafunika mlonda wa nkhalango wa mfuti, ndipo wokonza ulendo anene poyera ngati ndalama yolowera pageti ili pamtengo wake kapena mudzalipira nokha. Ng'ona ziliponso. Bambo amene amandiperekeza ine, munthu wachikulire wa m'mudzi wina kufupi ndi mpanda wa nkhalangoyi, salola kuti uime pamwala asanayang'ane kaye dziwe lonse. Amaima duu, kuyang'ana, kenako amvekere, "Achimwene, apa ayi, tiyeni kumtunda." Sindinawafunsepo chimene aona, ndimangonyamula ndodo n'kutsatira. Ndi iwonso anandiuza kuti ndisavale zabuluu kapena zakuda chifukwa zimaitana kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera, ndipo ku Nkhotakota matenda a kaodzera si nkhambakamwa.

Za kusaka nyama ena amandifunsanso. Ine si mlenje, ndipo m'nkhalango ngati ya Nkhotakota mfuti ya mlendo siloledwa. Amene amalipira maulendo osaka amapita ku Zambia, kumadera ozungulira mapaki monga Lupande ku Luangwa, kumene boma limapereka ziphaso ndi chiwerengero cha nyama.

Chimene sindisiya kufunsa kampani iliyonse ndi chakuti pa ndalama yangayo woperekeza alandirapo zingati. Ena amayankha mosavuta, ena amayamba kuzungulira. Ozungulirawo ndimawasiya. Munthu amene wayenda nanu tsiku lonse m'miyala, kukuonetsani pamene mpasa imabisala, kukumasulirani mbedza itakola pachitsa, sayenera kubwerera kwawo ndi ya sopo yokha. Yothokoza ndimawapatsa m'manja mwawo, ndipo posungitsa malo ndimatchula dzina lawo kuti akampani adziwe kuti ndabwerera chifukwa cha iwo.