Linga la mchenga la Fort Fisher

Usiku wathawu tulo tinandithawa, ndiye ndinangokhala n'kumawerenga za Fort Fisher, linga la ku North Carolina. Abale, nkhani yake sikundichoka m'mutu.

Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, a kumpoto anatseka madoko a kummwera. Pofika kumapeto kwa 1864, doko lalikulu lomwe linatsala linali Wilmington, komwe sitima zozemba zinkalowetsa zida, nsapato ndi mankhwala. Lingalo linali la a kummwera, ndipo linkalondera polowera mumtsinje wa Cape Fear, njira ya sitima zopita ku Wilmington. Silinali la njerwa ayi, linali la mchenga ndi dothi, moti mabomba ankangotitimira momwemo.

Wandiseketsa ndi mkulu wa asilikali a kumpoto Benjamin Butler. Mu Disembala 1864, potsatira nzeru yake, anadzaza sitima ndi wonga wa matani oposa 200, asilikali apamadzi n'kuiphulitsa pafupi ndi lingalo. Phokoso lokhalokha, linga osagwedezeka n'komwe. Anabwerera chimanjamanja, udindo n'kumuthera.

Pa 13 Januwale 1865 kunabwera Alfred Terry, mkulu wa asilikali apamtunda a kumpoto, ndi David Porter, mkulu wa apamadzi, ndi sitima zankhondo pafupifupi 60. Pa 15, asilikali apamadzi pafupifupi 2,000 anathamangira lingalo pamchenga poyera, ambiri atangonyamula malupanga ndi mfuti zing'onozing'ono. Malupanga pamaso pa mizinga! Pamenepa ine Porter sindikumumvetsa. Asilikali akewo anawomberedwa momvetsa chisoni n'kubwerera.

Koma maso onse ali kwa iwowo, asilikali apamtunda analowera mbali ya kumtsinje. Kunali kulimbana pafupipafupi mpaka usiku, ndipo mkulu wa lingalo, William Lamb, anavulazidwa. Linga linagwa usiku womwewo, Wilmington n'kutsatira pa 22 Febuluwale.