Loweruka la mphepo ku Olifantsbos

Usiku wonse malata a nyumba yathu kuno ku Masiphumelele, ku Cape Town, amangolira, moti pamene alamu anaimba hutala panja m'mamawa kuti tikathamange ndinali nditadziwa kale kuti lero kugombe kukavuta. Mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, imene eni dziko amati Cape Doctor, ikayamba mu Januwale sichita manyazi. Ife okulira kunyanja tinganene kuti ndi mwera, poti mbali yochokera ndi yomweyo, kungoti mwera wathu ndi wa nyengo yozizira pamene iyi imabwera dzuwa likuswa mtengo.

Tinadzera ku Kommetjie ndi Scarborough mpaka pageti la Cape of Good Hope, lomwe ndi gawo la Table Mountain National Park. Pasipoti musamaiwale, anthu a m'maiko a SADC timalipira zocheperapo kusiyana ndi alendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Magalimoto ambiri akalowa amangolunjika ku Cape Point kukajambulitsa. Ife tinakhotera kumanja, kamsewu kotsikira ku Olifantsbos, mbali ya nyanja ya Atlantic, ndipo pamalo oimika magalimoto tinapezapo nthiwatiwa yokha ikujompha pansi, nthenga zonse zitapindikira mbali imodzi.

Alamu ndi munthu wothamanga patala. Anathamangapo mpikisano wa Two Oceans wa makilomita 56 ndipo mendulo yake ili pakhoma pabalaza, sungalowe m'nyumba mwawo osaiona. Kuthamanga kwawo n'kwa wotchi: kilomita iliyonse ili ndi mphindi zake, ikapitirira ndiye kuti tsiku lawonongeka. Tisanayambe ndinawauza kuti, "Alamu, wotchiyo lero ibiseni m'thumba, ikudwalitsani mtima." Anangoseka n'kudina batani.

Kanjira kamayambira m'tchire lalifupi, kenako kamakutula pagombe. Pomwepo mphepo inatipeza maso ndi maso. Timalowera kummwera, iyo ikuchokera kutsogolo chakumanzere, itanyamula mchenga umene umaluma m'miyendo ndi kulowa m'mano. Ukatsegula pakamwa kuti upume, mpweya umalowa wochuluka kuposa umene wapempha. Kuyankhulana kunatheratu, aliyense anaweramitsa mutu, chipewa chili m'manja.

Pansi pake ndi pomwe pali nkhani. Mamita ochepa ndi mchenga wouma womwe phazi limamira mpaka m'kakolo, kenako miyala yobulungira imene imagubuduka ukaiponda, kenako thanthwe lonyowa, kenako milu ya kelp, zomera za m'nyanja zija zimene mafunde amazitaya kumtunda. Kelp ameneyu ndi mapaipi aatali abulauni, ena kuposa msinkhu wa anthu awiri. Wouma amaphwanyika kuti khotcho pansi pa nsapato, koma wamuwisi ndi woterera koopsa, ndipo ukamuponda tizilombo ting'onoting'ono timadumpha mbali zonse, fungo lake n'kukutsekera mphuno. Palibe masitepe awiri ofanana. Maso amakhala pamalo pamene phazi likatere, mutu ukuwerengera mwala wachitatu kutsogolo, ndipo ine ndi chimene ndimakondera kuthamanga kotere: maganizo a lendi ndi a kuntchito sapeza polowera.

Tinkayesetsa kutsata mchenga wonyowa kufupi ndi madzi. Ndi wolimbirapo, komanso kumtunda kwake, kumene mafunde safika, kumaikira mazira mbalame zakuda zija za milomo yofiira, African oystercatcher. Sizimanga chisa chooneka, zimangokumba kadzenje pamchenga kapena pakati pa timiyala, ndipo ino ndiyo nyengo yake. Ziwiri zinatitsogolera kamtunda ndithu, zikuthamanga patsogolo pathu ndi kulira mokalipa mpaka titatuluka m'dera lawo.

Pa Thomas T. Tucker tinaima. Ndi sitima ya ku America ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imodzi mwa zija ankazitcha Liberty ship, zomangidwa mwachangu kuti zizinyamula katundu wankhondo. Mu Novembala 1942, paulendo wake woyamba weniweni, ikuchokera ku New Orleans kulowera ku Suez, inkayenda moyandikira gombe poopa sitima zapansi pamadzi za Germany, ndipo m'chifunga inakwera pamatanthwe apa. Anthu onse anapulumuka. Lero zatsala zidutswa zikuluzikulu zitamwazikana pamiyala ndi pamchenga, dzimbiri lokhalokha. Ndinagwira chitsulo chimodzi, chikusendeka magawomagawo, ndipo m'mabowo mwake mphepo imaimba likhweru. Kuseri kwake ndi kumene tinapeza pobisala koyamba chiyambireni, tikumwa madzi uku tikulavula mchenga.

Alamu anayang'ana wotchi, nkhope inagwa. "Mlamu, liwiro ili ngakhale agogo opita kutchalitchi angatipitirire." Ndinati ayese kuwabweretsa agogowo tione.

Kenako anavula nsapato kuti aziziritse mapazi m'kathamanda ka pathanthwe. Sanathe ngakhale mphindi imodzi, anatuluka akudumphadumpha. Zimadabwitsa anthu ambiri kuti madzi a mbali ino amazizira kwambiri m'chilimwe muno kusiyana ndi m'miyezi yozizira, koma wochititsa ndi mphepo yomweyi. Imakankhira madzi apamwamba kutali ndi gombe, ndiye ozizira apansi penipeni amakwera kudzalowa m'malo. Madzi amenewo amabwera ndi chakudya cha zam'nyanja, n'chifukwa chake kelp wachita nkhalango chonchi m'gombe lonseli. Kuwedza kapena kutola kanthu pano n'koletsedwa, ndi malo otetezedwa. Anyani okha ndiwo lamuloli siliwakhudza: madzi akaphwera amatsikira kumiyala kukaswa nkhono za m'nyanja, ndipo tinaona gulu lina chapatali likuchita zomwezo, ana ali pamsana.

Chakutsogolo kuli Nolloth, kasitima ka ku Netherlands komwe kanasweka mu 1965. Sitinachedwepo. Pamenepo kanjira kamasiya gombe n'kukwera kumtunda, ndipo titakhota mphepo inabwera kumsana.

Munthu angaganize kuti zafewa. Pamalo osalala n'zoona, umangomva ngati wina wakugwira m'chiuno akukuthamangitsa, ndipo alamu anayamba kukuwa ndi chimwemwe, wotchi yayamba kuwamvera. Koma kanjira ka kumtundaku n'kopapatiza, kodzaza miyala yosongoka yobisika m'tchire, ndipo mphepo yakumsana siidziwa kuti ukufuna kuchepetsa liwiro. Imabwera mwa mafunde, phee kwa kanthawi, kenako gwa pamsana phazi lili m'mwamba. Kwa ine yakutsogolo ndi yabwinoko, imakutopetsa koma sikunamiza. Ndinafupikitsa masitepe, manja nditatambasula pang'ono, n'kuwasiya alamu apite. Ndinawapeza atakhala pamwala akupukuta bondo, khungu litasupuka pang'ono, akuti mwalawo unasuntha wokha.

Tchire la kuno, fynbos, silifika ngakhale m'chiuno m'malo ambiri. Dothi ndi mchenga wopanda chonde, mphepo salola kanthu kutalika, koma mitundu ya zomera ndi yochuluka zedi ukawerama n'kuyang'anitsitsa: ma protea a masamba olimba, timaluwa ta erica, ndi ma restio ooneka ngati bango lopyapyala, omwe mitundu ina amafolerera nyumba kuno ku Cape. Mthunzi kulibe ngakhale wa mtengo umodzi, ndipo mphepo imaumitsa thukuta usanalimve, ndiye ludzu limakupeza mochedwa, mutu utayamba kale kuwawa. Tinadumpha kamba wamng'ono ali pakati panjira. Mphiri ziliponso m'dera lino ndipo sizithawa munthu, chifukwa china choyang'anira pansi. Cha ku Sirkelsvlei, dziwe la madzi opanda mchere pamwamba pa chitundachi, ma bontebok, nyama zonga agwape, anaima kutiyang'ana, nkhope zoyera, osatekeseka.

Titabwerera pagalimoto alamu anaumirira kuti tikafike ku Cape Point, ati akazi awo sakakhulupirira popanda chithunzi. Kumeneko ndi dziko lina, mabasi a alendo, mzere wa anthu pachikwangwani. Tinakwera masitepe mpaka pansanja yakale ya nyali yolondolera sitima, miyendo ikunjenjemera. Nyali imeneyi inayamba kuwala mu 1860, ndipo anaimanga pamwamba kwambiri moti nthawi zambiri inkabisika m'mitambo ndi m'chifunga, oyendetsa sitima osaiona. Sitima ya Apwitikizi yotchedwa Lusitania itasweka pa Bellows Rock mu 1911 ndi pamene anamanga ina m'munsi, mamita 87 okha kuchokera pamadzi, yomwe inayamba ntchito mu 1919. Pamwambapo anthu amagwira zipupa ndi manja awiri, mayi wina sikafu yake inauluka kulowera ku False Bay.

Mnyamata wina amauza anzake kuti aima pansonga yeniyeni ya kummwera kwa Africa. Alamu, bondo likutuluka timagazi, sanapirire: anamuuza mwaulemu kuti nsongayo ili ku Cape Agulhas, makilomita pafupifupi 150 kuchokera apa, ndipo anakangana mpaka mnyamatayo anatsegula foni n'kukhala chete.

Pobwerera tinagula nsomba ndi tchipisi ku Simon's Town n'kudyera m'galimoto mawindo otseka. Alamu akuti Loweruka likubwerali abwerera patala pawo ku Fish Hoek, kumene kilomita imakhala kilomita. Koma tisanafike pakhomo anandifunsa mtengo wa nsapato za mano ngati zangazi, komanso ngati sitolo yake imatsegula Lamulungu.