Lachiwiri ku Dzaleka

Lero amayi a Chigwirizano tinapita ku Dzaleka ndi ufa, nyemba, sopo ndi zitenje zomwe tinasonkha mwezi wathawu. Tinafika tsiku la msika, anthu ali piringupiringu, Chiswahili ndi Chichewa zikumveka mosakanikirana.

Msasa wa othawa kwawo umenewu unatsegulidwa mu 1994, pamalo pomwe panali ndende ya akaidi a ndale nthawi ya Kamuzu. Anaukonzera anthu pafupifupi 10,000, koma lero mukukhala oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. N'chifukwa chake nyumba zake ndi zothinana choncho, moti thumba la ufa tinachita kulipendeketsa kuti lidutse mpata wa pakati pa nyumba.

Abusa a mpingo wina wa mumsasamo anatiperekeza kwa amayi amasiye. Amene sindikuwaiwala ndi mayi wina wa ku Uvira, mzinda wa ku Congo. Amuna awo anaphedwa pa nkhondo. Ana awo obereka ndi atatu, koma m'nyumbamo ndinawerenga asanu. Nditafunsa, anati awiriwo anafika okha, opanda kholo, ndipo mpingo utalengeza iwo anaimika mkono. Mphika wawo ndi umodzi, wakuda bii, ndipo onse asanu amadya m'mbale imodzi.

Anandionetsa makina osokera ali pakona, ataphimbidwa ndi chitenje. Kale ankasoka ku Lilongwe n'kumadzilipirira lendi. Mu 2023 boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku Dzaleka, makasitomala anatsala kutauni. Kuno osoka ndi ambiri, osoketsa ndi ochepa. Ndalama zomwe bungwe loona za chakudya padziko lonse la WFP limapereka pamwezi zakhala zikudulidwa, ndipo sizifika kumapeto a mwezi. Ana akadwala kapena yunifomu ikang'ambika, amayamba kaye apita kwa anzawo a kutchalitchi.

"Amayi, ufawu zikomo, koma mundipezereko ntchito yosoka," anatero m'Chichewa chawo chophunzira. Mawuwa andilasa mtima. Ife timabwera kamodzi pachaka, kuimba nyimbo, kujambulitsa, n'kumapita. Iwo akulera ana a eni tsiku ndi tsiku alibe ngakhale dimba.

Pobwerera mu minibasi munabuka mkangano. Mayi wina wachikulire anati, nanga amasiye a kwathu bwanji, omwe achibale a mwamuna anawalanda ndi malata omwe? Sananame, tili nawo mumpingo mwathu momwe, ndipo ena ife sitinawayendere chiikireni maliro. Koma sindikuvomereza kuti tisankhe mbali imodzi. Yakobo 1:27 pokamba za ana amasiye ndi akazi amasiye satchula dziko lomwe achokera. Ndiponso makolo athu ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu anasunga anthu a ku Mozambique nthawi ya nkhondo ya kwawo, opitirira 1 miliyoni m'dziko lonse, pomwe nawonso nkhokwe zawo zinali zosadzaza.

Tisanatsike tinagwirizana ziwiri. Mayunifomu a kwaya ya achinyamata tikasoketsa kwa mayi a ku Uvira aja, ndipo tiwalipira mtengo womwe timalipira telala wa kutauni. Chopereka cha amasiye chizikhala cha mwezi ndi mwezi, theka kumudzi kwathu, theka ku Dzaleka. Nkhaniyi ipita ku komiti Lachinayi, ndipo andipatsa ine ntchito yoyeza ana a kwaya ndi kugula nsalu.