Njinga yamagetsi yanyamuka tsopano, koma kadisiki kandidyera masiku atatu

Dzulo madzulo ndinachoka ku Area 25 kukafika ku Kanengo n'kubwerako malaya ali ouma. Akabaza awiri anandithamangira kufuna kuona chomwe chikulira kutayala lakutsogolo.

Kiti yake, zida zosandutsira njinga yakapalasa kukhala yamagetsi, ndi iyi: mota ya 250W yapagudumu lakutsogolo, batire la 36V 10Ah pakeliyala. Kumanga sikunavute, kupatula kupala pang'ono foloko kuti ekiselo ilowe. Chomwe chinandizunguza mutu ndi PAS, sensa ndi kadisiki ka maginito zapapedulo zomwe zimadzutsa mota ukamapalasa. Ndikapotokola throttle, chopatsira moto chapahandulo, tayala likuthamanga bwinobwino. Ndikapalasa, zii.

Ndinayeza batire, 41.8V, lodzadza. Ndinazula mawaya a mabuleki poganiza kuti controller, kabokosi kolamulira mota, ikuona ngati ndagwira buleki, osasintha. Ndinasendeza sensa kufupi ndi maginito mpaka kutsala kampata kongolowa khadi, zomwezo. Ndinafika poyamba kutukwana wogulitsa mumtima, kuti wanditumizira controller yakufa.

Tsiku lachitatu, njinga ili chagada pakhonde, ndikuthira oyilo patcheni, ndinazungulitsa pedulo chobwerera m'mbuyo. Tayala lija vuu! Galu mpaka anathawa. Kadisiki ka maginito 12 kaja ndinakaika chotembenuza, ndiye mota imadzuka ndikapalasa chambuyo. Kali ndi kamuvi kosonyeza mbali yozungulira, ine osakaona n'komwe.

Kukatembenuza kumafuna kuchotsanso crank, mkono wa pedulo, ndipo puller yozulira crank ndinali nditabweza kwa mwini wake. Mkulu wina wokonza njinga ku Malangalanga anangotola hamala, ndinati ayi bambo, mungandiphwanyire mabering'i. Koma musamunyoze, masipoko ake ndi olimba, ndipo gudumu amaliwongola ndi diso lokha kuposa ife a YouTube. 

Torque arm, kachitsulo kogwira ekiselo kuti mphamvu ya mota isawononge foloko, sindinaikebe, ndikudziwa, musandikalipire. Foloko ndi yachitsulo, koma poti ndinaipala, ndikumayang'ana manati tsiku lililonse ndisananyamuke. Kutchaja kukutenga maola asanu ndi tchaja ya 2A, magetsi akakhalapo.

Maso anga ali pa Dedza. Ndi makilomita oposa 80 komanso zikweza, ndiye mphamvu ya batire limodzili, 360Wh, singandifikitse. Mwina batire lachiwiri, mwina kasola pakeliyala. Mayi akunyumba ati ndiyambe ndakonza mabuleki akumbuyo.