Chifukwa chake boti la matanga limakhotera kumene kukuchokera mphepo

Kwa miyezi itatu funso limodzi lakhala likundizunguza mutu pa maphunziro a kapangidwe ka maboti aang'ono a matanga oyendera maulendo ataliatali, ndipo sabata ino mtima wanga wakhala pansi. Chimene chinkandivuta n'chakuti mphepo ikakula, boti limalimbikira kukhotetsa mphuno yake kumene mphepoyo ikuchokera, woyendetsa n'kumalimbana ndi tsigiro mpaka mkono kuwawa.

Mphamvu ya mphepo pa matanga onse awiri, lalikulu la kumbuyo kwa mlongoti ndi jib wa kutsogolo, timaitenga ngati ikugwera pamalo amodzi. Madzi nawonso amatsekereza mbali yomira ya boti, pamodzi ndi keel (chipsepse cha pansi pa boti) ndi tsigiro, ngati pamalo amodzi. Malo a mphepo akakhala kumbuyo kwa malo a madzi, mphuno imakhotera kumphepo. Izi ndinaziloweza msanga, koma pamapulani onse amene ndinaona, okonza maboti amaika malo a mphepowo patsogolo pang'ono, ndipo botilo limakhoterabe kumphepo. Ndinkaona ngati mabuku akudzitsutsa okha.

Chimene ndinkaiwala n'chakuti pulani imaonetsa boti litaima chilili, pamene boti loyenda limapendekeka. Likapendekeka, mlongoti ndi matanga zimagonera kumbali, pamwamba pa madzi, ndipo mphamvu yokokera kutsogolo imakhala kunja kwa thupi la boti, pamene madzi akuligwira pansi pake. Kukoka kwa mbali imodziko ndi kumene kumalipotoza. N'chifukwa chake kuchepetsa thanga lalikulu kumapeputsa tsigiro nthawi yomweyo: boti limadzuka, ndipo kupotozako kumachepa. Okonza amasiyako dala kukhota pang'ono, kuti munthu akasiya tsigiro boti liloze kumphepo n'kutha liwiro, m'malo mothawa nayo.

Chinanditsegula maso ndi katoni. Ndinajambula mbali yomira ya boti, n'kuidula, n'kuikhazika pamsana pa mpeni mpaka itakhazikika osagwera kulikonse, ndipo mzere umenewo ndiwo unandionetsa malo a madzi. Kenako ndinabayapo kamtengo ngati mlongoti, ndinakapendeketsa n'kukakankha ndi chala, ndipo katoniyo inazungulira ndikuona. Ine ndikukhulupirira kuti palibe njira ina yoposa imeneyi, ndipo wophunzira aliyense ayenera kudula katoni asanaone samu iliyonse.

Chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anatha maphunziro atatu athunthu pa samu yoyerekezera liwiro lalikulu limene boti lingafike, yochulukitsa 1.34 ndi square root ya kutalika kwa boti pamzere wa madzi, imene imapereka ma knot 6.7 (knot ndi muyeso wa liwiro la pamadzi) pa boti la mafiti 25. Samuyo ndi yofunika, koma imalowa m'mutu tsiku limodzi, pamene nkhani ya kupendekeka anaikhudza mphindi zochepa nthawi itatha kale.

Tsopano ndadula makatoni awiri, ina ya keel yaitali imene imasunga njira bwino paulendo, ina ya keel yaifupi yozama imene imalola boti kukhota msanga. Mtima wanga ukukokera ku yaitaliyo, ngakhale ndikukayikabe ngati ndidzaganiza chimodzimodzi tsiku limene ndidzagwire tsigiro mafunde akumenya m'mbali.